Za modal yokula kuchokera pa batani, achimwene werengani izi musanayambe

Achimwene, mwafunsa mmene mungapangire kuti modal yolipirira (kawindo kotulukira pamwamba pa screen mu app) izituluka ngati ikukula kuchokera pa batani, kumbuyo kuli blur (kuoneka ngati kuli chifunga), komanso ngati musamukire ku Flutter, njira ina yolembera ma app. Ine ndiyankha za Swift, chinenero cholembera ma app a iPhone, poti ndi zomwe ndimadyera kuno ku Joni.

Onani kaye ngati mukufunikadi custom, kutanthauza kudzilembera nokha animation. Kuyambira iOS 15 pali UISheetPresentationController, imakwera theka la screen kapena yonse, munthu amaitsitsa ndi chala, ndipo pa iOS 16 mutha kuika kutalika komwe mukufuna inuyo. Amene amati ingoikani library (code yolembedwa kale ndi wina) basi sakuuzani kuti mwini library akaitaya, iOS nkusintha, mumatsala nokha ndi code yoti simunalembe.

Koma ngati kasitomala wakakamira ndiye muika modalPresentationStyle = .custom, transitioningDelegate, ndi class yanu ya UIViewControllerAnimatedTransitioning. Delegate ameneyo ndi weak, kutanthauza kuti iOS siimusunga yokha, ndiye musungeni mu property, apo ayi amasowa modal isanatseguke nkumangoona animation ya masiku onse ija mukudabwa kuti code yanu yapita kuti.

Pomwe ndikukuchenjezani kwambiri ndi apa. Ndinapangira app bwana wina wa mathiraki onyamula katundu kuchoka kuno kupita ku Lilongwe ndi Mzuzu, ndinaika kuti modal izitsekedwa pokoka ndi chala, ndi UIPercentDrivenInteractiveTransition. Kumapeto kwa animation ndinalemba completeTransition(true), pa simulator (foni yoyesera ya pa kompyuta) zonse bwinobwino chifukwa ndi mouse ndinkakoka mpaka pansi nthawi zonse. Mayi wina ali pa Park Station ndi zikwama zawo anakoka theka nkusiya, screen inangoti bii, batani lililonse osagwira, iwo osadziwa ngati ndalama yapita kapena ayi ndiye analipiranso kachiwiri. Bwana uja anandiimbira Loweruka usiku atakwiya zedi, ndipo ngakhale ndinakonza usiku womwewo tinadikirabe a Apple avomereze update, anthu akudandaulabe. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalama imeneyo anthu amaivutikira. Vuto lonse linali mzere umodzi, pamayenera kukhala completeTransition(!transitionContext.transitionWasCancelled). Ndiye inu yesani kukoka theka nkusiya, kokani mwachangu, dinani batani kawiri motsatizana, imbirani foniyo animation ili pakati.

Animation isapitirire masekondi 0.3 kapena 0.35, munthu amene akulipira safuna kuonera filimu. Ndipo ena amayatsa Reduce Motion chifukwa zoyendayenda zimawachititsa chizungulire, onani UIAccessibility.isReduceMotionEnabled, ikakhala true ingopangani fade basi.

Blur ija samalani nayo pa mafoni akale, makamaka mukamaisuntha limodzi ndi modal. Frame iliyonse (chithunzi chimodzi cha animation) ili ndi ma millisecond pafupifupi 16 okha, ikapitirira apo mumaona screen ikudukizadukiza. Gulani iPhone 8 yakale yoyesera, imafika iOS 16, m'mashopu a mu town cha ku Small Street mutha kuipeza, munenerere mtengo. Osapereka ndalama asanachotse iCloud ya mwini wake inu mukuona, muilowetse nokha akaunti yanu muli mu shopu momwemo, muonenso Battery Health chifukwa batire yotha imachedwetsa foni ndiye muziganiza kuti vuto ndi animation yanu.