Kodi kumangirira zitsulo galimoto yothamanga kwambiri n'chilungamo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu amene wangoyamba kumene kutsatira mipikisano ya magalimoto ya maola ambiri. Funso lake, ndikalifupikitsa, linali lotere: "Ndamva kuti galimoto ikamathamanga kuposa zinzake, akuluakulu a mpikisano amaiwonjezera kulemera kapena kuichepetsera mphamvu. Ndiye wopambanayo wapambana chiyani? Si kubera kumeneku, kungoti kwalembedwa m'buku la malamulo?"

Simunandiuze ngati ndinu achimwene kapena achemwali, ndiye ndingoti anzanga. Mwafunsa funso limene limayambanitsa anthu chaka chilichonse mwezi wa June, nthawi ya mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France, ukamayandikira, ndipo sindikubisirani mbali imene ndili. Lamuloli ndimaliikira kumbuyo. Chimene chimandiwawa ndi mmene eni ake amaligwiritsira ntchito nthawi zina.

Dzina lake ndi Balance of Performance, kutanthauza kulinganiza liwiro la magalimoto osiyanasiyana, ambiri amangoti BoP. Oyendetsa mpikisano, kaya ndi FIA pamodzi ndi ACO ku Le Mans, IMSA ku America, kapena SRO pa magalimoto a GT3 (opangidwa kuchokera ku magalimoto oyenda pamsewu wamba), amatulutsa chipepala cha manambala mpikisano usanayambe. Pa mtundu uliwonse wa galimoto pamalembedwa kulemera kumene isachepere, mphamvu imene injini isapyole, ndi mafuta amene ingawotche isanabwerere kokamwetsa. Galimoto ikapepuka, amakaniko amamangirira zitsulo pansi pake. Kale injini ankangoitsamwitsa ndi kachitsulo kabowo kochepetsa mpweya wolowa. Masiku ano m'gulu la Hypercar, la magalimoto othamanga koposa ku Le Mans, muli timasensa pa zitsulo zozungulitsa mawilo, moti mphamvu yofika kumatayala oyang'anira amaiona pa kompyuta galimoto ili mkati mothamanga.

Tayang'anani magalimoto a GT3 atandandalika pamzere woyambira. Porsche 911 ili ndi injini kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mawilo. Ferrari 296 yaika injini pakati. Mercedes-AMG yasenza chiinjini cha V8 kutsogolo, pansi pa boneti yaitali. Panali nthawi imene ngakhale Bentley Continental, chigalimoto chonenepa cha anthu achuma, chinkathamanga nawo, mpaka chinapambana mpikisano wa maola 12 ku Bathurst mu 2020. Magalimoto amenewa mukawasiya mmene analengedwera, imodzi ingasiye zinzake kutali, ndipo chaka chotsatira aliyense wa ndalama zake angagule yomweyo. Stéphane Ratel, mkulu wa SRO amene anayambitsa GT3 mu 2006, anamanga gulu lonselo pa mfundo imeneyi: bweretsa galimoto yako mmene ilili, ife tikulinganiza ndi anzako.

Sanachite kulota. Anali ataona zimene zinachitika mu 1998, pamene Mercedes inapambana mipikisano yonse khumi ya FIA GT. Chaka chotsatira gulu la GT1, limene Mercedes inkathamangamo, linafa, chifukwa panalibenso wofuna kutaya ndalama kuti azikangoona magetsi akumbuyo a mnzake. Ku Le Mans nkhani inabwereza. Magalimoto a LMP1, gulu lalikulu lisanabwere la Hypercar, anali odabwitsa, koma ankadya ndalama zosaneneka. Audi inachoka kumapeto kwa 2016, Porsche kumapeto kwa 2017, Toyota n'kutsala yokha pakati pa makampani akuluakulu. Inapambana kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2022, ndipo anthu ena mpaka lero amazipeputsa zikho zimenezo, ati panalibe wolimbana naye. Yerekezani ndi 2024: magalimoto 23 m'gulu la Hypercar, ochokera ku makampani asanu ndi anayi. Ferrari, Porsche, Cadillac, Peugeot, BMW, Alpine, Lamborghini, onsewa anabwera chifukwa anauzidwa kuti sadzafunika kupikisana pa kukula kwa thumba.

Ndiye pa funso lanu lakuti n'kubera, ndikuti ayi. Kubera ndi kuchita mobisa chimene anzako sanavomere. Apa aliyense anasaina akudziwa kuti galimoto yake ikaposa muyezo idzabwezedwa. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Amene akufuna mpikisano wa mainjiniya weniweni, wakuti wanzeru koposa atenge zonse, malo ake ndi Formula 1, ndipo kumenekonso mukudziwa mmene zimatopetsera timu imodzi ikamapambana zaka zinayi zotsatizana.

Koma musanatseke imelo yanu n'kumati nkhani yatha, pali zinthu ziwiri zonunkha.

Choyamba ndi chakuti lamuloli limaphunzitsa anthu bodza. Ngati ukudziwa kuti ukathamanga kwambiri mu April udzasenzetsedwa zitsulo mu June, wanzeru amanamizira kutsimphina. Dalaivala amachotsa phazi pang'ono pamalo pamene palibe akuona, timu imaika mafuta odzadza thanki pa nthawi yoyeserera, nthawi n'kumaoneka yoipa. Nkhani imene anthu saiiwala ndi ya 2016. Ford inabwerera ku Le Mans patatha zaka 50 chipambanireni mu 1966. M'mipikisano yoyambirira ya chaka magalimoto ake sankaopsa aliyense. Atafika ku Le Mans, pa mpikisano wolimbirana malo oyambira, Ford ndi Ferrari anangotulukira ndi liwiro limene Corvette, Porsche ndi Aston Martin sanalione n'komwe kumene lachokera. Oyang'anira anachita kusintha manambala kutatsala tsiku limodzi, koma Ford inapambanabe gulu lake, Ferrari n'kukhala yachiwiri. Kuti Ford inabisadi liwiro, eni ake sanavomere. Opikisana nawo sanakhulupirire. Ine ndimangoona kuti lamulo limene limachititsa munthu kuopa kuonetsa mphamvu zake lili ndi chilema, ndipo masensa a masiku ano angochichepetsa, sanachichize.

Chachiwiri n'chimene chimandipweteka kwambiri, ndipo chitsanzo chake ndi 2023, chaka chimene mpikisano wa Le Mans unakwanitsa zaka 100. Matimu anauzidwa kumayambiriro kwa chaka kuti manambala a galimoto iliyonse akhazikika mpaka Le Mans itadutsa, dala kuti pasakhale chifukwa chonamizira kutsimphina. Toyota inakhulupirira, inathamanga ndi mtima wonse, n'kupambana ku Sebring, ku Portimão ndi ku Spa. Kutatsala masiku ochepa, chipepala chatsopano chinatuluka: Toyota makilogalamu 37 owonjezera, Ferrari 24. Makilogalamu 37 ali ngati kukweza mwana wa sukulu pampando wa pambali n'kuyenda naye maola 24. Amadya matayala, amatenthetsa mabuleki, amachedwetsa galimoto potuluka pakona iliyonse.

Ferrari nambala 51 inapambana, koyamba chichokereni 1965, itazungulira maulendo 342. Toyota nambala 8 inafika patatha masekondi 81. Mukagawa, simupeza ngakhale theka la sekondi pa ulendo umodzi, pa msewu wa makilomita oposa 13. N'zoona kuti Ryo Hirakawa, dalaivala wa Toyota imeneyi, anaterereka pakona ya Arnage kutatsala maola osakwana awiri, akuthamangitsa Ferrari, n'kugunda chotchinga. Okonda Ferrari amaloza pomwepo, ati mwaona, anadziluzitsa yekha. Okonda Toyota amayankha kuti munthu amaterereka chifukwa akukakamiza galimoto yolemera kuchita zimene singathe. Palibe angaweruze, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Madalaivala a Ferrari yopambanayo, Pier Guidi, Calado ndi Giovinazzi, anayendetsa mwaluso usiku wonse, pamvula ndi pouma, koma chikho chawo chinamatidwa funso limene iwo sanalipemphe. Kulinganiza magalimoto sindikukutsutsa. Kulonjeza kuti sitisintha kenako n'kusintha, wokhulupirika n'kukhala wolangidwa, kumeneko ndiye kulakwa.

Pamwamba pa izi, malamulo a WEC, mndandanda wa mipikisano ya padziko lonse umene Le Mans ilimo, amaletsa matimu ndi madalaivala kudandaula za BoP pagulu. Cholinga ndimachimva, chifukwa kale aliyense woluza ankathamangira kwa atolankhani kukalira kuti amuchepetsere katundu. Koma ukatseka anthu pakamwa uku masamu ako sukuwafotokoza mokwanira, usadabwe oonera akamaganiza kuti kuseri kuli chinachake. Woweruza amene amasankha kulemera kwa aliyense ndi yemweyonso amene amagulitsa matikiti ndipo amafuna nkhani yokoma. Sindikunena kuti amakondera. Ndikunena kuti iye ndi amene ayenera kutsegula mabuku, osati ife kumangomukhulupirira.

Mwafunsanso kuti wopambana wapambana chiyani. Zambiri ndithu. BoP imalinganiza liwiro la mtundu wa galimoto. Silinganiza manja a amakaniko posintha matayala, kapena mutu wa amene akusankha nthawi yoika matayala a mvula, kapena maso a dalaivala nthawi ya 3 koloko usiku akudutsa magalimoto ochedwa mumdima. Sichiza giyabokosi yofooka. Ngati mukufuna kuona zimenezi popanda phokoso la manambala, yerekezani magalimoto a mtundu umodzi, chifukwa amenewo amasenza katundu wofanana ndendende. Mu 2025 Ferrari zitatu zinayamba ndi chipepala chimodzi. Ziwiri zofiira zinali za timu ya fakitale, koma imene inapambana ndi yachikasu, nambala 83, ya Robert Kubica, Ye Yifei ndi Phil Hanson. Kumbuyo kwake, pafupifupi masekondi 14 okha, kunali Porsche nambala 6, imene inayambira kumchira kwa gulu lonse la Hypercar chifukwa pa sikelo inapezeka yopepuka kuposa mmene chipepala chinanenera.