Akukulipiritsani galimoto ya eni, achemwali

Mayi wina wa ku Luton, kuno ku England, wandilembera. Kampani yoyang'anira malo opaka magalimoto ikufuna mapaundi 100, koma pachithunzi chomwe yawatumizira pali galimoto ya Corsa yakuda pomwe ya mayiwa ndi Yaris yofiira. Akufunsa ngati angopereka 60 asanathe masiku 14 kuti nkhani ithe.

Achemwali, musalipire. Funso lanuli landitsegula bala, chifukwa ine ndinalipira.

Chinali chaka changa chachiwiri ku Leicester, ndikusamalira okalamba usiku. Ndinafika m'mawa miyendo ili zii, n'kupeza envulopu pakhomo. Akuti galimoto yanga inakhala maola atatu pamalo ogulitsira zinthu ku Bradford, tauni yomwe sindinapondemo chibadwire. Ndinakhala pamasitepe jekete ili m'thupi, n'kuyang'anitsitsa kachithunzi kaja. Kanali kamdima, nyali zikuthobwa, koma ndinaona bwinobwino kuti pomwe nambala yanga ili ndi D, apo panali O. Ndinaona ndi maso angawa! Komabe pofika masana ndinali nditalipira, chifukwa viza yanga inali pafupi kutha ndipo mumtima ndinkati kalata iliyonse yotere imakafika ku Home Office, ofesi ya boma yoona za maviza. Ndalama imeneyo ndinasungira feteleza wa amayi ku Dedza. Nditawaimbira ndinangoti mwezi uno zavuta, iwo n'kuti musadandaule mwanangu, Mulungu alipo. Mpaka lero zimandiwawa.

Mantha amenewa ndi omwe amatidyera ndalama ife obwera. Kalata ya khonsolo imatchedwa Penalty Charge Notice, ya kampani Parking Charge Notice, zonse PCN, ndipo ine sindikhulupirira kuti kufananaku kunangochitika. Ya kampaniyi si mlandu wa kupolisi ayi. Iwo akungonena kuti munaphwanya mgwirizano wolembedwa pachikwangwani. Nanga mgwirizano mungauphwanye bwanji pamalo pomwe simunafikepo? Kamera ya pamalo opakapo imawerenga nambala molakwika, kampani imalipira DVLA, bungwe la boma losunga kaundula wa magalimoto, mapaundi 2.50 kuti ipeze adiresi, kalata n'kunyamuka. Munthu woyerekeza mtundu wa galimoto ndi chithunzi akanakhalapo, Corsa sikanasanduka Yaris. Kumeneku ndi kusalabadira anthu, ndipo palibe dzina lina.

Koma musamverenso aja a m'magulu a WhatsApp oti ingoponyani m'bini. Malangizo amenewo ndi akale. Kuyambira 2012, lamulo la Protection of Freedoms Act limalola makampaniwa ku England ndi Wales kutsata mwini galimoto ngakhale sakudziwa amene ankayendetsa. Mu 2015 Barry Beavis, wogulitsa nsomba ndi tchipisi, anakafika mpaka ku Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri, kukana mapaundi 85 omwe kampani ya ParkingEye inamulipiritsa ku Chelmsford, ndipo anagonja. Iye anapitiriradi nthawi yololedwa kupaka, inu simunalakwe, koma ngakhale wosalakwa akanyalanyaza mapepala a khoti amatha kugamulidwa iye kulibe. Chigamulo chotere, CCJ, chimakhala pa dzina lanu zaka 6, ndipo mudzachimva tsiku lofuna nyumba ya lendi kapena ngongole. Mnzanga wina wa kutchalitchi anasamuka osasintha adiresi pa V5C, chikalata cholembetsera galimoto, makalata onse n'kumapita kunyumba yakale. Anadzazindikira ali kubanki.

Zoti muchite

Lemberani kampaniyo apilu asanathe masiku 28, pa intaneti kapena pakalata, osati pafoni. Nenani mwachidule kuti galimoto ili pachithunzi si yanu. Tumizani zithunzi za Yaris yanu kutsogolo ndi kumbuyo nambala ikuoneka, ndi kope la V5C. Sungani zonse. Mukalipira, ambiri amati nkhani yatha ndipo apilu salandiranso. Akakana, onani pansi pa kalata: mupezapo bungwe la makampani lomwe iwo alimo, ndipo lililonse lili ndi komwe apilu yachiwiri imapita. Ngati ali a BPA akupatsani nambala yopitira ku POPLA, ngati ali a IPC mupita ku IAS.

Chinthu chimodzi chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu. Kulitsani chithunzicho muwerenge nambala chilembo ndi chilembo. Ngati ikufanana ndendende ndi yanu, kamera sinalakwitse, pali wina wakopera nambala yanu n'kuimata pa Corsa yake. Zikatero imbani 101, foni ya apolisi, lero lomwe, apolisi akupatseni nambala ya dandaulo lanu, muiike mu apiluyo, ndipo mudziwitsenso a DVLA ku Swansea makalata ena asanayambe kubwera.