Mpongozi wanga akundikaniza kuona mdzukulu, nditani?

FUNSO: Anti, ndine mayi wa ku Kapata kuno ku Chipata. Mwana wanga wamwamuna anamwalira chaka chatha, anasiya mkazi ndi kamwana ka zaka 6. Pamaliro abale a amuna anga anatenga firiji ndi TV, ine sindinakambepo kanthu. Manje mpongozi anabwerera kwawo ku Katete, akuti tisapondeko, foni sayankha, olo pa WhatsApp anandibuloka. Ife ndife Angoni, ng'ombe za malowolo tinapereka, kodi mwana si wathu? Ndipite ku khoti?

YANKHO: Amama, pepani kwambiri, kutaya mwana kenako mdzukulu nayenso osamuona n'zowawa zedi. Koma ndisakunamizeni, ng'ombe zija sizikakuthandizani kwenikweni. Kwa Angoni ana ndi a kuchimuna, kwa Achewa a ku Katete ana ndi a kuchikazi ndipo mawu ali ndi atsibweni, ndiye mukayamba za mwambo aliyense adzakoka kwake. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limaika patsogolo ubwino wa mwanayo, khoti likafunsa ngati kucheza ndi ambuye ake kumuthandiza, amakudziwani bwanji, ndipo limamvanso maganizo a mwana malinga ndi msinkhu wake, komanso mayi amene akumulera mawu ake ndi olemera.

Ine pomwe ndaima mpa firiji ija. Munthu akamwalira osasiya wilo, lamulo la 1989 limati katundu wa m'nyumba ndi wa mkazi ndi ana, pa chuma chinacho ana amalandira 50 peresenti, mkazi 20, makolo 20, ena odalira malemu 10. Ndiye zomwe anatengazo analanda mdzukulu wanu yemweyo, ndipo mayi ake anaona kuti inu munangokhala chete, n'chifukwa chake wakwiya, inenso ndikanakwiya.

Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, katunduyo abwezedwe, mupepese ndi pakamwa panu. Musayambe ndi zoti mwana abwere pa holide, pemphani kukamuona konko amake alipo, olo ola limodzi chabe. Zikakanika pitani ku ofesi ya Social Welfare, amayanjanitsa mabanja pa nkhani za ana, kenako ku Legal Aid Board mu Chipata momwemu akuuzeni za pempho la ku khoti.

Chonde musakamutenge kusukulu mobisa kapena kutuma amalume ake, imeneyo ikhala nkhani ya apolisi ndipo mayi ake sadzakukhulupiriraninso. Sabata ino yambani mwafufuza komwe kuli firiji ndi TV.