Mafunso a Owerenga: Njira ya M'mbali mwa Mtsinje

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ku Emmarentia mumzinda wa Johannesburg, ndipo m'mawa uliwonse ndimapalasa njinga kuchokera ku Randburg motsata mtsinje wa Braamfontein Spruit. Chondidabwitsa n'chakuti njirayi imatalikira madzi kenako n'kubwereranso, ndipo bango ndi udzu wautali sazidula. Kodi ndi ulesi wa osamalira paki kapena pali chifukwa? Nanga ife a njinga tingayende bwanji ndi oyenda pansi popanda kugundana? Wowerenga, Randburg.

Yankho: Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo poti ndinu munthu wa nthaka, yankho lake simuvutika kulimva. Wokonza paki ya m'mbali mwa madzi amayamba wafunsa kuti madzi amafika pati mtsinje ukakwiya, njira imabwera pambuyo.

Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo unamangidwa pamsana wa zitunda za Witwatersrand, pomwe madzi amagawikana: ena amalowera kumpoto kukathira mu Limpopo, ena kummwera kukathira mu Vaal. Mitsinje yake ndi ing'onoing'ono, koma mvula yamabingu ya pakati pa October ndi March ikagwa pa madenga ndi pa misewu ya tala, madzi salowa pansi. Onse amathamangira mu ngalande nthawi imodzi, moti kamtsinje kamene munakadumpha m'mawa kakhoza kukokolola munthu madzulo. Anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei ku Alexandra, dera lina la mzindawu, akhala akuvutika ndi zimenezi kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake lamulo la madzi la dziko la South Africa la mu 1998 limafuna kuti mapulani a malo atsopano omangapo nyumba azionetsa mzere wa pomwe chigumula cha kamodzi pa zaka 100 chingafike. Njira yoti ikhalitse imatsata malo okwera ndi olimba, n'kumatsikira ku gombe apo ndi apo kuti anthu aone madzi.

Za bango ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ambiri timaliona ngati tchire lofunika chikwanje. Tsiku lina mvula ikakata, mudzaime pamalo pomwe pali bango n'kuyang'anitsitsa: mudzaona matope atadikha kuseri kwake, mapepala apulasitiki atakodwa m'mapesi, ndipo madzi otuluka kumunsi akuyenda mofatsa. Mizu yake imamanga gombe monga mmene nsenjere imagwirira dothi m'madimba kwathu. Kumanga gombe lonse ndi konkire kumaoneka kwaukhondo, koma kumangowonjezera liwiro la madzi n'kukagumula kwa anzathu a kumunsi. Pomwe gombe layamba kale kudyeka, akatswiri amaikapo miyala yomangidwa m'mawaya, imene imalola madzi kudutsa ndi zomera kumeramo. Mitengo imene amalimbana nayo ndi yobwera, monga bulugama, yomwe imamwa madzi ambiri. Ntchito yoichotsa ya Working for Water inayamba mu 1995.

Kugundana kwa a njinga ndi oyenda pansi kumayamba ndi kuchepa kwa njira komanso kusaonana. Njira yogawana imayenera kukhala ya mamita atatu kapena kuposerapo m'lifupi, ndipo pamakona, pamilatho ndi pamtsetse zitsamba ziyenera kusadzulidwa kuti wopalasa aone mwana kapena galu akadali patali. Apa pokha ndiye ndikugwirizana nanu kuti udzu uzidulidwa, ndipo mukaona pakona pamene pawirira, dziwitsani a Johannesburg City Parks and Zoo, amene amayang'anira mapaki a mzindawu.

Inunso khalani ndi belu ndi mabuleki ogwira, ndipo muzidutsa munthu mutachepetsa liwiro. Ngati mumagwira ntchito Loweruka, kumbukirani kuti ku Delta Park, paki ya m'mbali mwa mtsinje womwewu kumene parkrun (kuthamanga kwa gulu kwa Loweruka lililonse) yoyamba m'dziko la South Africa inayambira mu 2011, anthu ambiri amathamanga makilomita asanu kuyambira 8 koloko m'mawa, choncho ndi bwino kudutsapo nthawi imeneyo isanakwane.