Lipoti langa labwezedwa kawiri: kodi kulemba sitetimenti kumafunanso sukulu?

Funso: Ndine woyang'anira alonda pakampani ina. Katundu akasowa, ndine ndimalemba masitetimenti a anthu amene anaona, kenako lipoti. Mwezi watha lipoti langa linabwezedwa kawiri, akuti ndinalemba maganizo anga m'malo mwa mawu a mboni. Pano akufuna kunditumiza ku maphunziro a masiku atatu. Kodi kulemba zimene munthu wanena n'kofunanso kuphunzira? Ndine mlonda wamkulu.

Yankho: Bambo, pitani ndithu. Ndakhala ndikuphunzitsa anthu ntchito imeneyi, ndipo amene amavutika kwambiri ndi aja odziwa kulemba bwino, chifukwa dzanja lawo limakometsera nkhani ya mboni iwo osazindikira.

Tsiku lina ndinapatsidwa sitetimenti yonena kuti: "Ndinaona wakubayo akuthawa mwamantha ndi katundu wa kampani." Nditakhala pansi ndi mboniyo, inati inaona mwamuna wovala jekete yakuda akuyenda mofulumira kulowera kugeti atanyamula katoni, cha m'ma 7 koloko madzulo, pamtunda wa mamita ngati 30, getsi limodzi lokha likuyaka. Nkhope sinaione. Zimene zinali m'katonimo sinazione. Mawu akuti wakuba, mantha ndi katundu wa kampani anali a wolembayo. Loya akanangofunsa mafunso awiri, umboni wonsewo n'kugwa, mwinanso munthu wosalakwa atachotsedwa kale ntchito. Izi zimandipweteka mtima kwambiri.

Vuto limayambira pa kafunsidwe. Mu 1974, Elizabeth Loftus ndi John Palmer a ku yunivesite ya Washington anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya pamsewu. Ena anafunsidwa liwiro la magalimotowo pamene anagundana, ena pamene anaphwanyana. Patatha sabata, onse anafunsidwa ngati anaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 amene anamva mawu akuti kuphwanyana, 16 anati anawaona, pomwe gulu linalo anali 7 okha. M'kanemamo munalibe galasi losweka ngakhale limodzi. Choncho mukafunsa kuti "Anavala jekete yakuda eti?" mwamuveka kale munthuyo jekete. Nenani kuti "Ndifotokozereni zonse kuyambira pomwe munafika," ndiye mukhale chete. Kukhala cheteko ndiye kovuta, ophunzira anga ambiri sapirira ngakhale mphindi imodzi.

Kumaphunziroko mwina mukamva za njira yotchedwa PEACE, yomwe apolisi a ku England ndi Wales anayamba kugwiritsa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mfundo yake ndi yakuti mukonzekere musanakumane ndi munthuyo, mumufotokozere chifukwa chomwe mwamuitanira, mumusiye alongosole yekha, ndipo mafunso ofuna kumvetsa abwere pambuyo. Ngati akunena kuti anazindikira munthu, lembani kuti anamuona kwa nthawi yaitali bwanji, ali kutali bwanji, kunali kowala motani, panali chotchinga kapena ayi, komanso ngati ankamudziwa kale.

Mboni muzifunse payokhapayokha, zisanakambirane. Zimene munthu anaona ndi maso zisiyane ndi zimene anangomva kwa wina, ndipo wina uja atchulidwe. Akati "sindikukumbuka," lembani momwemo. Mukamaliza muwerengereni, akonze yekha pomwe pali polakwika, podula mzere umodzi osafufuta, ndipo asaine tsamba lililonse, tsiku ndi nthawi zikuoneka. Ngati panali womasulira, dzina lake lilembedwenso.

Maganizo anu ali ndi malo ake, ndiwo m'lipoti, koma nawonso kumapeto, mutayamba mwaonetsa zomwe munatumidwa kufufuza, amene munalankhula nawo ndi zimene mwapeza. Mboni ina ikati 7 koloko, ina n'kuti 8 koloko, musasankhe yokukomerani n'kubisa inayo. Lembani zonse ziwiri, munene yomwe ikugwirizana ndi buku la pageti kapena kamera, ndi chifukwa chake.

Popita, mutenge lipoti linabwezedwa lija, mutafufuta mayina a anthu. Mukapemphe mphunzitsi kuti mudutsemo limodzi mzere ndi mzere, mukulemba chizindikiro pa liwu lililonse limene mboni sinatchule.