Kodi China ikufunanji ku Arctic, kumene ilibe malo?

Mmodzi wa owerenga athu watumiza imelo ndi funso ili: wamva kuti China imadzitcha dziko "loyandikana ndi Arctic" (dera la madzi oundana kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi) chikhalirecho pa mapu ili kutali, ndiye kodi ikufuna kulanda mafuta a kumeneko? Zikomo pofunsa. Kulanda singathe, ndipo nayonso ikudziwa. Chimene yakhala ikusakasaka ndi khomo lolowera, ndipo khomolo lasintha.

Mu 2008 bungwe la boma la America la USGS linayerekeza kuti ku Arctic kuli 13 peresenti ya mafuta ndi 30 peresenti ya gasi amene sanapezekebe padziko lonse. Koma chuma chambiri chili m'madzi amene ali ndi eni ake kale. Lamulo la panyanja la United Nations limapatsa dziko ulamuliro pa nsomba, mafuta ndi gasi mpaka makilomita 370 kuchokera pagombe lake, ndipo magombe ozungulira nyanja ya Arctic ndi a Russia, Canada, America, Norway ndi Denmark kudzera ku Greenland. Mlendo amalowa pogula masheya, pobwereketsa ndalama, kapena pogula katunduyo.

China inayamba mofatsa, ndi kafukufuku. Inagula chombo choswa madzi oundana cha Xue Long ku Ukraine mu 1993, nkutsegula malo a asayansi ku Svalbard, zilumba za Norway, mu 2004. Mu 2013 inalandiridwa ku Arctic Council, bungwe la mayiko a m'derali, ngati woonerera, wokhala nawo pa zokambirana koma wosavota. Mawu amene mwamvawo, oti "loyandikana ndi Arctic", ali m'chikalata cha boma la China cha Januwale 2018.

Kenako inayesa ndalama kumayiko a kumpoto kwa Ulaya, ndipo apa zambiri zinalephereka. Iceland inakaniza wamalonda Huang Nubo kugula malo aakulu mu 2011. Mu 2018 kampani ya boma la China inali pa mndandanda wa ofuna kumanga mabwalo a ndege ku Greenland; Denmark inathamangira kuikapo ndalama zake, ndipo kampaniyo inadzatuluka. Nkhani yophunzitsa kwambiri ndi ya mgodi wa paphiri la Kvanefjeld ku Greenland, umene kampani ya ku China ya Shenghe inagulamo masheya. Miyala ya kumeneko ili ndi ma rare earth ofunika popanga maginito a magalimoto amagetsi, koma ndi yosakanikirana ndi uranium, ndipo phirilo lili pamwamba pa tauni ya Narsaq, dera la oweta nkhosa ndi asodzi. Chipani cha Inuit Ataqatigiit chitapambana chisankho cha 2021, chinakhazikitsa lamulo loletsa kukumba miyala yokhala ndi uranium woposa magalamu 100 pa tani. Miyala ya Kvanefjeld imaposa malirewo, ndiye ntchito inaima pomwepo. Anauimitsa ndi anthu ovota, osati asilikali.

Khomo limene linatseguka ndi la Russia. Mayiko a azungu atailanga pa nkhani ya Crimea mu 2014, kampani ya gasi ya ku Russia ya Novatek inavutika kupeza ngongole yomalizira Yamal LNG, ntchito yokumba gasi kumpoto kwa Siberia. Mabanki a boma la China anabwereketsa ndalama pafupifupi madola 12 biliyoni mu 2016, pamene CNPC, kampani ya mafuta ya boma la China, ili ndi masheya 20 peresenti ndipo Silk Road Fund, thumba la ndalama la boma lomwelo, 9.9 peresenti. Gasi anayamba kutuluka padoko la Sabetta mu Disembala 2017.

Apa tifotokoze pang'ono, chifukwa mpamene pali mfundo yonse. Gasiyu amamuziziritsa kufika pa madigiri 162 pansi pa ziro, asanduke wamadzi ndi kuchepa ka 600, kenako amamuthira m'zombo. Koma Sabetta amazunguliridwa ndi madzi oundana miyezi yambiri pachaka, choncho panafunika zombo 15 zapadera za mtundu wa Arc7, zomangidwa ku South Korea, zimene zimayenda chambuyo zikakumana ndi ayezi wokhuthala mamita awiri. Popanda zombozi gasi amangokhala m'matanki. Ndi zimene zinaonekera pa ntchito yachiwiri, Arctic LNG 2, mmene CNPC ndi CNOOC, kampani inanso ya mafuta ya boma la China, ali ndi 10 peresenti aliyense. America itaiika pa zilango mu Novembala 2023, zombo zimene zinaodedwa sizinafike, ogula anaopa, ndipo katundu woyamba anadzafika padoko la Beihai ku China mu Ogasiti 2025.

Njira ya panyanja ya Northern Sea Route, yodutsa m'mbali mwa gombe la kumpoto kwa Russia, nayonso imatamandidwa mopitirira. Ndi yaifupi ndithu kusiyana ndi kudzera ku Suez, ndipo chombo cha Yong Sheng cha kampani ya ku China ya COSCO chinaidutsa mu 2013 kuchokera ku Dalian kukafika ku Rotterdam. Komabe chombo wamba chimadutsa pakati pa Julayi ndi Okutobala basi, pamafunika chilolezo cha Russia, nthawi zina nkulipira chombo chotsogolera choswa ayezi cha Rosatom, kampani ya boma la Russia, inshuwalansi ndi yokwera, ndipo malo ena ndi osaya moti zombo zikuluzikulu za makontena sizingadutse. Putin anafuna kuti katundu wodutsa m'njirayi afike matani 80 miliyoni pachaka pofika 2024. Amene ananyamulidwa sanafike 40 miliyoni, ambiri ali gasi ndi mafuta a Russia yemweyo.

Ife timaona kuti China yapeza gasi koma yadzimangirira kwa mnzake mmodzi. Chiyambire nkhondo ya ku Ukraine mu 2022, Finland ndi Sweden analowa NATO, ndipo ndege zankhondo za China ndi Russia zitauluka limodzi pafupi ndi Alaska mu Julayi 2024, mayiko a azungu anawonjezera kukayikira. Ngakhale awiriwa sagwirizana zonse: China imafuna njira za panyanja zikhale zotseguka kwa onse, pamene Russia imati njirayi ndi yake. Mukamatsatira nkhaniyi, yang'anani amene akumanga zombo za Arc7 zatsopano, komanso ngati Russia ingafewetse malamulo a zilolezo kwa zombo za China.