Malo opanda mafunde ndi amene anatsala pang'ono kunditengera mwana

Mayi amene mwafunsa ngati n'kwabwino kutengera ana anu kugombe lakutali la nyanja yamchere, chonde musapite ndi anawo kugombe lopanda opulumutsa anthu omira chifukwa chongoti wokonza ulendo wakuuzani kuti kumeneko n'kwabata ndiponso kulibe chipwirikiti. Ndawerenga mayankho ena amene akukulimbikitsani kuti mupite, ndipo pamene ndikulemba pano manja akundinjenjemera, chifukwa mawu amene mwauzidwawo ndi omwewo amene ine ndinauzidwa zaka zitatu zapitazo, pa tchuti chimene ndinachisungira ndalama kwa chaka chathunthu kuti ana anga akaone nyanja yamchere kwa nthawi yoyamba.

Tinali anayi: ine, mayi wa kunyumba, mwana wathu wamwamuna wa zaka 11 ndi wamkazi wa zaka 7. Pamalo amene tinkagona panali bambo wina amene ankatenga alendo pa galimoto kupita nawo kumagombe osiyanasiyana, ndipo eni malowo ndi amene anatilozera kwa iye. Anatiuza kuti gombe lalikulu, lomwe linali ndi mbendera komanso opulumutsa anthu, ndi la anthu osadziwa malo, koma iye atitengera kwina kumene mchenga wake ndi woyera mbee ndipo tikakhala tokha tsiku lonse. Tinafika cha m'ma 11 koloko m'mawa madzi atatsika, ndipo tinachita kuzungulira mathanthwe wapansi, tikuponda mchenga wonyowa, kuti tikalowe m'kagombe kokhotako. Kukongola kwake sindingakutsutse. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, choncho ndinamufunsa bamboyo malo oti ana asambire. Anayang'ana uku ndi uku, kenako analoza pamalo pamene mafunde sankaswekapo, pakati pa mizere iwiri ya thovu, nanena kuti pamenepo ndiye pofatsa. Atatero anabwerera kugalimoto kuti akatenge alendo ena, atalonjeza kudzatitenga 3 koloko. Foni kumaloko sinkagwira n'komwe, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Mwana wanga amadziwa kusambira, anaphunzira m'dziwe losambiramo ndipo ankadzidalira. Analowa mpaka madzi kumulekeza m'chiuno, ine nditaima pamchenga ndikumangirira chipewa cha mlongo wake. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti wasunthira kutali, koma ndinangoti mwina akusewera. Chimene sindidzaiwala n'chakuti sanakuwe. Anali zii, mutu ataupendeketsa chagada, kamwa ikumira ndi kuvuuka, tsitsi litamuphimba m'maso koma osalichotsa, manja akumenya madzi m'mbali ngati akufuna kukwera pa chinthu chimene palibe. Ankayang'ana kumtunda kwa ife, akuyesetsa kubwera, koma nthawi iliyonse imene ndinkaphethira ndinkamuona atacheperako. Mayi ake ndi amene anakuwa, ndipo kukuwa kwawo ndimakumvabe m'tulo.

Ndinathamangira m'madzi ndi malaya omwe. Nditangofika polekeza m'chifuwa ndinamva mchenga ukuchoka pansi pa mapazi ngati wina akusolola mphasa, ndipo kufika pamene panali mwanayo sikunavute ngakhale pang'ono, chifukwa madziwo ankanditengera komweko. Nditamuyandikira anandilumphira, nandikolekera manja m'khosi ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti mwana wa zaka 11 angakhale nayo, ndipo tonse awiri tinamira. Ndinamwa madzi amchere mpaka kukhosi kunawotcha. Titavuuka ndinayamba kusambira ndi dzanja limodzi kulunjika kugombe, malaya akundilemera, miyendo ikuuma, ndipo nditapalasa mpaka mpweya kundithera ndinayang'ana kumtunda n'kuona kuti mkazi wanga ndi mwana wamkazi uja akuoneka ang'onoang'ono kuposa poyamba. Nkhongono zinazizira. Mwanayo anandinong'oneza kuti, "Adadi, ndatopa," ndipo ine ndinalibe mpweya woti ndimuyankhire. Pa nthawi imeneyo ndinavomereza mumtima kuti mkazi wanga abwerera kwathu ndi mwana mmodzi, ndipo ndinayamba kuganiza za mmene adzafotokozere makolo anga.

Amene anatipulumutsa ndi mnyamata wina amene ankasewera pa mafunde ndi thabwa lake chakumapeto kwa gombelo, yemwe sitinkadziwa n'komwe kuti alipo. Sanatiyandikire kwambiri moti n'kumugwira ife. Anatikankhira thabwalo kuti tiligwirire, nandiuza mokalipa kuti ndisiye kulimbana ndi madziwo. Tinayandama choncho kwa kanthawi, tikupitabe kunyanja, mpaka kukoka kuja kunayamba kufooka kuseri kwa mafunde. Kenako anatitsogolera chammbali, motsatira gombe, ndipo titangofika pamene mafunde ankasweka, mafunde omwe ndinkawaopa aja ndi amene anatikankhira kumtunda. Ndinagwada pamchenga n'kusanza madzi okhaokha, mwana ali gone pambali panga, milomo itachita imvi, akukhosomola mosalekeza.

Mnyamatayo ndi amene anandifotokozera zimene ndinayenera kuuzidwa m'mawa uja. Mafunde akamakhuthulira madzi kugombe, madziwo amafuna njira yobwererera, ndipo amaipeza pampata umene uli pakati pa milu ya mchenga ya pansi pa madzi, kapena m'mbali mwa mathanthwe ndi zipupa zolowa m'nyanja. Pampatapo amathamanga ngati mtsinje wopita kunyanja, ndipo pa Chingerezi amautcha rip current. Popeza pamenepo m'pozama, mafunde sasweka, ndiye munthu wosadziwa amaona ngati ndi malo abwino koposa onse. Madzi ake amaoneka oderapo kapena avundu, nthawi zina thovu ndi zinyalala zimaoneka zikuyenda kuchoka kugombe, ndipo kawirikawiri amakoka kwambiri madzi akatsika, yomwe ndi nthawi imene ife tinafika. Nditabwerera ndinawerenga zambiri chifukwa tulo sitinkabwera. Bungwe la NOAA la ku America, loona za nyanja ndi nyengo, limanena kuti madzi amenewa angathamange mpaka pafupifupi mamita 2.5 pa sekondi, liwiro loposa la osambira a mpikisano wa Olympics, ndipo bungwe la United States Lifesaving Association limati anthu oposa 80 pa 100 alionse amene amapulumutsidwa pamagombe a mafunde amakhala atagwidwa ndi madzi amenewa. Sakokera munthu pansi, amangomutengera kutali, ndipo chimene chimapha ndi kutopa chifukwa cholimbana nawo, monga ndinkachitira ine. Kudziwa kusambira sikutchinjiriza munthu pa nyanja yolusa. Harold Holt, yemwe anali nduna yaikulu ya dziko la Australia ndipo ankakonda kusambira m'nyanja, analowa m'madzi pa Cheviot Beach pa 17 December 1967 ndipo mtembo wake sunapezeke.

Mavuto athu sanathere pamenepo. 3 koloko inakwana bambo uja osaoneka, ndipo njira ya pamchenga imene tinadzera pozungulira mathanthwe inali ikumizidwa ife tikuona. M'malo ambiri madzi a m'nyanja amakwera kawiri ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera potsika kufika pokwera pamatenga maola opitirira pang'ono 6, koma sakwera mofanana ola lililonse: pafupifupi theka la kukwera konse limachitika m'maola awiri apakati, n'chifukwa chake malo amene unayendapo wouma amasanduka nyanja mwadzidzidzi. Ku Morecambe Bay ku England, mu February 2004, anthu osachepera 21 ochokera ku China amene ankatola nkhono pamchenga anamira madzi atawatsekera njira motere. Ife tinachita kukwera mathanthwe oterera, ine nditabereka mwana wodwalayo kumsana, mkazi wanga akukoka wamng'onoyo, mapazi akuchekeka ndi zigoba zomata pamiyala, ndipo mnyamata uja ndi amene ankatisonyeza poponda.

Bamboyo anatulukira itadutsa 5 koloko. Nditamufotokozera, mawu ake oyamba anali akuti ana a masiku ano samva, ndipo kenako anati iye ndi woyendetsa galimoto chabe, za kusambira si zake. Munthu amene analoza ndi chala chake pamalo oti mwana wanga alowepo anaima pamaso panga n'kukana kuti sanalozepo. Sanamuyang'ane n'komwe mwanayo, ankangodandaula kuti mipando ya galimoto inyowa. Eni malo ogona aja nawonso anasamba m'manja, akuti iwo anangotilozera ndipo bamboyo si wantchito wawo, chikhalirecho chikwangwani cha maulendo ake chinali pakhoma la polandirira alendo. Chimene chimandiwawa mpaka lero si kusadziwa kwake, pakuti munthu akhoza kusadziwa, koma kuti anayankha funso la moyo wa ana molimba mtima pamene sankadziwa yankho lake, chifukwa kunena kuti "sindikudziwa" kukanamuchotsera ulemu pamaso pa alendo. M'mawa mwake ndinamuona akukweza banja lina lokhala ndi ana atatu. Ndinapita kukalankhula ndi bambo wa banjalo, ndipo ndikuthokoza kuti anandimvera.

Usiku umenewo mwanayo anapitiriza kukhosomola ndipo ankapuma mothamanga, choncho tinathamangira naye kuchipatala, kumene anapeza kuti madzi analowa m'mapapo ndipo anamugoneka masiku awiri. Ndikunena zimenezi kuti aliyense adziwe kuti mwana amene wavuulidwa m'madzi ndipo akukhosomolabe, akupuma movutikira kapena akungofuna kugona, ayenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo ngakhale akuyenda yekha.

Tsopano Mayi, mukasankha gombe, sankhani lokhala ndi opulumutsa anthu ndipo ana asambire pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, monga zimakhalira ku Australia, ku Britain ndi ku South Africa. Mbendera yofiira yokhayokha imatanthauza kuti musalowe m'madzi. Muonenso ndandanda ya nthawi ya kukwera ndi kutsika kwa madzi ya tsiku lenilenilo, chifukwa nthawiyo imasunthira kutsogolo pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima madzi amakwera kwambiri n'kutsikanso kwambiri. Anawo muwaphunzitse musananyamuke kuti madzi akawakoka agone chagada, atambasule manja ndi miyendo, apume kaye, akweze dzanja limodzi poitana thandizo, ndipo mphamvu zikabwerera asambire chammbali osati molunjika kumtunda. Bungwe la RNLI la ku Britain, lopulumutsa anthu panyanja, limaphunzitsa kuyandama kotereku pansi pa mutu wakuti Float to Live. Zoyandamira zopopa musaziike m'nyanja mphepo ikamachokera kumtunda, chifukwa zimauluzika ndi mwana yemwe.

Akatswiri onse amanena kuti munthu asalumphire m'madzi kukapulumutsa wina alibe chinthu choyandama m'manja, ndipo akunena zoona, chifukwa makolo ambiri amafera pamenepo mwana n'kupulumuka. Ku South Africa bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI linayamba kuika zoyandamira zapinki m'magombe mu 2017 pa chifukwa chomwechi. Inu mutsatire zimenezo, muponye kapena mutenge chilichonse choyandama, ngakhale chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Koma ine sindingakunamizeni kuti ndikanaima pamchenga n'kumayang'ana, ndipo zitachitikanso mawa ndikudziwa kuti ndingalowenso.

Komanso sindikufuna kuti nkhani yangayi ikulandeni magombe abata, chifukwa gombe lodzaza anthu lili ndi zoopsa zake: mwana amasowa m'chigulu m'kanthawi kochepa, ndipo kholo limatayirira poganiza kuti wina akuyang'ana. Kumagombe akutali n'kumene ana amaona nkhanu zikuthawira m'maenje, zigoba zosasweka ndi tinsomba totsalira m'mathawale a pamiyala, ndipo mwana wanga wamkazi amakumbukirabe zimenezo kuposa zoopsa zija. Pitaniko ndithu ngati mtima ukufuna, koma madzi asapitirire m'mawondo, galimoto ikhale pamene mukuiona, ndipo mutuluke madzi asanayambe kukwera. Mufunsenso anthu a pamalopo, pakuti ndi amene amaidziwa nyanja yawo, kungoti mufunse amene amalowa m'madzimo tsiku ndi tsiku, asodzi ndi osewera pa mafunde, osati amene akulandira ndalama yanu. Mnyamata uja anachoka tisanamufunse dzina, ndipo mwana wanga, yemwe tsopano ali ndi zaka 14, anayambiranso kusambira m'dziwe chaka chatha, koma m'nyanja sanalowemonso.